Makalata a omvera: Achemwali a ku London ndi gule wawo wa swing

Takulandirani nonse, a kuno kumudzi ndi inu amene mumatimvera pa intaneti muli kutali. Sabata yatha tinakuikirani nyimbo za swing, zija za ku America za m'ma 1930, ndipo makalata abwera mulu. Ndiyamba ndi afupiafupi, chifukwa pali imodzi imene yandikhala pamtima chiiwerengereni.

Bambo a ku Kasungu akufunsa ngati swing ndi nyimbo kapena gule. Zonse ziwiri, bambo. Nyimbo zake ndi jazi wa magulu akuluakulu a malipenga, monga la Count Basie ndi la Duke Ellington, ndipo gule wake wotchuka ndi Lindy Hop. Mnyamata wa ku Zomba akuti tisiye "nyimbo za agogo", tiike amapiano. Mwana wanga, amapiano ali ndi nthawi yake. Ukafunse agogo akowo mmene ankatimulira fumbi iwe usanabadwe, udzabwera wekha kudzapepesa.

Tsopano nayi kalata ija. Yachokera kwa achemwali athu ena, kwawo ndi ku Ntcheu koma akukhala ku London. Akuti:

"Ntchito yanga ndi kuphunzitsa Lindy Hop ndiponso kuika nyimbo m'madansi ngati DJ. M'mawa ndimakhala pa laputopu kumvetsera nyimbo ndi kuzisanja malinga ndi liwiro lake, kuyankha ophunzira, ndi kuwerengera ngati ndalama ya holo ikwane. Madzulo ndimakwera basi nditanyamula sipika, nsapato zovinira ndi malaya atatu osinthira, poti thukuta lake si lamasewera. Ndimafika anthu asanabwere, kusuntha mipando, kusesa pansi kuti wina asaterereke. Kunyumba ndimalowa pakati pa usiku maondo akuwawa. Lendi ndimalipira ndi ndalama yomweyi, fizi ya mng'ono wanga imachokeranso pomwepa. Koma amayi akafunsidwa kumpingo amati ndimagwira ntchito ya muofesi. Amalume anandiuza pa foni kuti, 'Unakwera ndege kuti uzikagwirana m'chiuno ndi amuna a eni?' Kodi ndisiye?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Pamene pandibaya ndi pa kusesa paja: munthu yekhayekha m'holo yozizira ya kwa eni, tsache m'manja, kukonzera anthu malo oti asangalalepo. Musasiye ayi.

Ndikufuna amalume amve kumene gule ameneyu anachokera. Anabadwira ku Harlem mumzinda wa New York, pakati pa anthu akuda anzathu. Holo yake yotchuka inali Savoy Ballroom, pa msewu wa Lenox Avenue, imene inatsegulidwa mu 1926 n'kutsekedwa mu 1958. Nthawi imene malo ambiri a chisangalalo ku America ankasala anthu akuda, ku Savoy akuda ndi azungu ankavina pa bwalo limodzi. Kumeneko kunali mnyamata wina dzina lake Frankie Manning, wobadwa mu 1914, katswiri wa masitepe aja oti mnzako amawuluka m'malere kudutsa pamsana pako. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha swing inazilala, ndipo bamboyo anakagwira ntchito ku positi ofesi zaka pafupifupi 30. M'ma 1980 achinyamata anamufunafuna kuti awaphunzitse. Anayambiranso ali nkhalamba, nayenda maiko ambiri, kuphatikizapo kamudzi ka Herräng ku Sweden kumene ovina amasonkhana chaka ndi chaka m'mwezi wa Julaye. Anaphunzitsa mpaka pamene anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94. Cholowa chimenecho ndicho mwanyamula m'basimo pamodzi ndi sipika yanu.

Ndipo amalume, ngati mukumva, kodi simunavineko nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka? Kwela imene ankaimba ija inakula ku South Africa m'ma 1950, itatengako zambiri ku swing yomweyi, n'kudzafika kwathu kuno. Phazi lanu likuudziwa kale mugundo umenewu, ndi pakamwa pokha pamene pakukana.

Koma nanunso achemwali ndikudzudzuleni pang'ono. Mwandifotokozera ine tsiku lanu lonse, kuyambira laputopu mpaka maondo. Nanga amayi munawafotokozerapo chonchi? Kapena mumangotumiza ndalama n'kudula foni nkhani ikafika pamenepo? Mayi wonena kuti "muofesi" sakudani, akuopa pakamwa pa anzawo. Ajambulireni kalasi imodzi pa foni, atavomera ophunzira anu, aone okha anthu atavala bwinobwino akuwerenga masitepe, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, inu muli pakati mukuwawongolera ngati mphunzitsi wina aliyense. Maondowo musawanyalanyaze, kawonaneni ndi achipatala zisanafike poipa.

Mawu a amalumewo sali okha. Makalata ena atatu sabata ino akudandaula zomwezo, zoti mwamuna ndi mkazi osakwatirana agwirane manja povina. Ndikumva nkhawa yanu, koma gule ameneyu ali ndi mwambo wake. Umapempha kaye, ndipo wopemphedwayo ali ndi ufulu wokana. Nyimbo zakalezo zambiri ndi za mphindi zitatu zokha, poti mbale za galamafoni zinkakwana pomwepo. Ikatha mumathokozana, aliyense n'kukapeza wina. M'kalasi mphunzitsi amasinthasintha anthu mwadala kuti aliyense avine ndi aliyense. Wa khalidwe loipa amaonekera msanga, ndipo mphunzitsi wabwino amamutulutsa.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti timakonda chisangalalo koma timanyoza ochikonza. Ukwati ukayandikira timathamangira mnyamata woti aphunzitse aperekezi masitepe, masabata angapo akutuluka thukuta. Timaitana DJ, iye n'kuima tsiku lonse, maso ali pa anthu, kusankha nyimbo yoti pa pelekanipelekani azakhali adzuke pampando. Mwambo ukatha, keke talipira, galimoto talipira, koma iwowa timati "tidzakuonani", mwinanso kuwapatsa mbale ya mpunga basi. Kenako mwana wathu akanena kuti akufuna ntchito yomweyo timagwira kumutu. Abale anga, DJ sangodina batani. Wa swing amayamba ndi nyimbo zodekha, zogunda mwina 120 kapena 140 pa mphindi, kuti ongoyamba kumene asachite mantha. Akaona kuti miyendo yatentha amakweza, mpaka zina zopitirira 200 zimene akatswiri okha amazikwanitsa. Bwalo likayamba kuchepa anthu, amadziwa kuti walakwitsa ndipo amakonza pa nyimbo yotsatira. Luso limenelo amaliphunzira zaka, choncho mulipireni pa tsiku limene munagwirizana.

Mayi a ku Mzuzu mukufunsa za nsapato: zafulati, zopepuka, zoterera pang'ono kunsi kuti bondo lisapotokole potembenuka. Zazitali zidendene muzisungire ku ukwati.

Achemwali a ku London, mutilemberenso amayi akaiona kanemayo. Pakali pano landirani Count Basie, ndipo amalume ku Ntcheu akweze wailesi.