Sikani yati zonse zili bwino, koma kukhala pampando ndi moto: nkhani ya mtsempha wa pudendal

[Wofotokoza waimirira, mpando uli pambali pake]

Moni nonse, mwaona lero ndaimirira eti? Ndachitira dala. Pali anthu amene mpando ndi mdani wawo, akangokhala mphindi khumi zokha kumunsi uku kumayamba kuwotcha ngati wina wapakako tsabola wa kambuzi, ena amati kumakhala ngati shoko ya magetsi, ena amamva ngati muli chinthu m'njira ya chimbudzi pomwe mulibe kalikonse. Akaimirira kumachepa, akagona kumachepa. Ndiye poti malo ake ndi ochititsa manyazi munthu amangofa nazo mumtima, akalimba mtima kupita kuchipatala amabwerako ndi ma antibayotiki, kuganiziridwa chikhodzodzo, prostate, matenda opatsirana pogonana, mpaka kunyumba kuyamba kukayikirana pomwe palibe wachimwa.

Mwa ena a anthu amenewa vuto limakhala mtsempha umodzi, pudendal. Apa sindikunena mtsempha wa magazi ayi, ndikunena ija yotumiza mauthenga ku ubongo kuti apa pakupweteka, apa pakhudzidwa.

[Chithunzi cha mafupa a m'chiuno]

Onani apa. Mtsemphawu umachokera kumapeto kwa msana, pamene madokotala amati S2, S3 ndi S4, ulipo kumanja ndi kumanzere. Njira yake ndi yokhotakhota zedi. Umatuluka m'chiuno chakumatako, nkukhota pa kafupa kosongoka kotchedwa ischial spine, pamenepa umadutsa pakati pa timinofu tiwiri tolimba ngati zingwe za linya, kenako nkulowa m'kangalande kopapatiza kotchedwa Alcock's canal. Dzinali ndi la Benjamin Alcock wa ku Ireland amene anakafotokoza mu 1836. Ukatuluka umo umagawika, nthambi ina kotulukira chimbudzi, ina pakati apo, ina kumaliseche. Ndiye ukafinyika pakati pa zingwe zija kapena m'kangalande muja, ululu umamveka malo onsewa, amuna ndi akazi omwe.

Chimafinya ndi chani? Kubereka movutikira, opaleshoni ya m'chiuno, kugwa chamatako, kudzimbidwa kwa zaka munthu akumakankha tsiku ndi tsiku, komanso njinga. Mu 1987 dokotala wa ku France, Gérard Amarenco, analemba za vutoli mwa opalasa njinga. Achimwene a kabaza mukundimva? Chishalo cholimba, chopendekera mmwamba, tsiku lonse, mukayamba kumva dzanzi kumunsi mukatsika njinga musamangoti ndi kutopa.

Tsopano nkhani ya kujambula, imene ndabwerera lero.

X-ray iwalani, imaonetsa mafupa, mtsempha sungaoneke. CT ndi yabwino pa mafupa ndi zotupa zina koma kamtsempha aka siikaona bwino. Yatsala ndi MRI, makina aja mumagona nkukulowetsani ngati m'mgolo, phokoso lake ngati kuchigayo, amagwiritsa ntchito maginito osati cheza cha X-ray, nchifukwa chake amakufunsani kaye ngati muli ndi chitsulo m'thupi. Pali kajambulidwe kapadera kotchedwa MR neurography, amachuna makinawo kuti mafuta azioneka akuda ndipo mtsempha wotupa uziwala. Zikayenda bwino dokotala atha kuona kuti mbali imodzi mtsempha wanenepa kapena ukuwala kuposa inzake, kapena pali chipsera cha opaleshoni chimene chaukulunga.

Koma kamtsemphaka ndi ka mamilimita ochepa chabe, kamayenda limodzi ndi mitsempha ya magazi, ndiye kukasiyanitsa pamafunika makina amphamvu, nthawi zambiri a 3 Tesla (Tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito ake), ndi munthu wozolowera kuwerenga zithunzi za malo amenewa. Kuti muone kusiyana kwake, MRI imene inafika pachipatala cha Queens ku Blantyre mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana inali ya 0.35 Tesla. Inagwira ntchito yaikulu, inaonetsa mmene ubongo wa ana umatupira, koma ubongo ndi chinthu chachikulu, kusaka kaulusi kobisala m'matako ndi nkhani ina. Ndiye mukamalipira MRI funsani, makina ake ndi a Tesla zingati, ajambula mtsempha weniweniwo kapena chiuno chonse basi?

China chimene chimandiseketsa ine, ululu umabwera munthu akakhala, koma mu MRI amakujambulani mutagona chagada, nthawi imene mtsempha ukupuma. Ndiye pepala limabwera lolembedwa kuti zonse zili bwino, achibale nkumati mwaona, ndi maganizo chabe, ena ayamba kale kunena za kwa asing'anga. Ayi. Sikani yoyera siyitanthauza kuti munthu akunama. Ndipo palinso mbali ina, sikani itha kuonetsa kanthu kooneka kachilendo mwa munthu amene sakumva kupweteka kulikonse, ndiye osathamangira mpeni chifukwa cha chithunzi chokha.

Nanga MRI ntchito yake nchiyani? Kwenikweni ndi kuchotsa zoopsa zina zimene zimanamizira vutoli, chotupa m'chiuno, endometriosis mwa amayi (minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero ikamera kunja kwake), vuto la kumapeto kwa msana, timatumba ta madzi pa mizu ya mitsempha totchedwa Tarlov cysts. Zimenezo ndi zoyenera kuziona, ndalama yake siinapite pachabe olo atapeza kuti mulibe.

[Pa sikirini: Nantes, 2008]

Madokotala a mumzinda wa Nantes ku France, gulu la Jean-Jacques Labat ndi Roger Robert, anatulutsa mu 2008 mfundo zisanu zodziwira vutoli, ndipo mukaziwerenga mulibemo sikani. Ululu uli m'dera la mtsemphawu, umakula mukakhala, sukudzutsani usiku, dokotala akakhudza khungu mukumva bwinobwino mulibe dzanzi, ndipo chachisanu, jakisoni wochititsa dzanzi pa mtsemphawo akuchotsa ululu. Palinso kachizindikiro kena kamene odwala amakatchula okha, akakhala pa toileti ya mpando ija amapeza bwino, chifukwa pakati pali bowo, thupi latsamira mafupa a matako osati pakati.

Jakisoni ameneyu ndi pamene makina ojambula amaonetsa phindu lenileni. Mumagona chafufumimba, dokotala amaika ultrasound pathako, yomwe ija ya amayi oyembekezera, amasaka kafupa kosongoka kaja, amayatsa Doppler kuti mtsempha wa magazi uoneke ukugunda ndipo amadziwa kuti pudendal wathu uja uli pambali pake pomwepo, singano ikulowa iye akuiona pa sikirini. Ena amalondolera singano ndi CT kapena X-ray yoonetsa pompopompo. Akathira mankhwala ngati lidocaine amakuuzani khalani pampando wolimba. Munthu amene samatha mphindi khumi akapezeka wakhala phee mpaka mankhwala kutha mphamvu, yankho ndi limenelo. Ululu ubwereranso, musadabwe, uku kunali kuyeza. Ukapanda kusintha mwina singano inaphonya, mwina gwero lili kwina.

Chithandizo chimayamba ndi zazing'ono, khushoni yoboola pakati, kusiya kaye njinga, kuthana ndi kudzimbidwa, mafizo a minofu ya m'chiuno, mankhwala ngati amitriptyline kapena gabapentin olembedwa ndi dokotala, panado apa sathandiza kwenikweni. Opaleshoni yomasula mtsempha imabwera kumapeto zina zonse zikakanika.

Koma mverani ichi bwinobwino. Ngati ululu ukukudzutsani pakati pa usiku, kapena pakati apa pachita dzanzi moti mukamadzipukuta simukumva, mkodzo ukukanika kutuluka kapena chimbudzi chikungotuluka chokha, miyendo ikufooka, zimenezo si za khushoni ayi. Mitsempha ya kumapeto kwa msana itha kukhala kuti yapanikizika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukafika nenani zonse mmene zilili, ndi za dzanzi zomwe.