Chikwama cha tuba: siponji yokhuthala ija ikukupusitsani

Moni moni abale anga, kaya mukuonera muli ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo, kapena muli kotentha uko ku Moatize ndi ku Tete, takulandirani. Lero nkhani ndi imodzi basi, chikwama chonyamulira tuba. Ndikudziwa mamega ndi odula ndiye sindichedwa, koma musachoke tisanafike pa nambala 3, pamenepo pali bodza lina lake limene limandipsetsa mtima ndipo lero ndithana nalo. Dinani kaye ka like ako, sikadya ndalama.

Mwachangu kwa amene mwangobwera. Tuba ndi lipenga lalikulu lija la mawu a pansi, m'mabandi a mpingo ambiri amangoti besi. Inayambira ku Berlin mu 1835, anthu ake ndi Wilhelm Wieprecht ndi Johann Gottfried Moritz. Malinga ndi kiyi ya mawu ake, ilipo ya F, ya E♭, ya CC ndi ya BB♭, ndipo ya BB♭ mutati muwongole paipi yake yonse ifika mamita pafupifupi 5.5. Kulemera kwake ikuluikuluyo ndi makilo 10 kapena kuposa. Koma chitsulo chake ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, chofewa, chopyapyala, kukamwa kwakukulu kuja kumene timati belu nthawi zambiri sichifika ndi milimita imodzi yomwe. Cholemera koma chosalimba, vuto lonse lagona pamenepo. Tiyeni.

Nambala 1, yezani. Musakhulupirire zolembedwa zija za kukula kwa tuba zakuti 3/4, 4/4, 5/4, 6/4, chifukwa palibe lamulo limodzi la manambala amenewa, kampani iliyonse imatchula mmene yafunira, 4/4 ya uyu ikhoza kukana kulowa m'chikwama cha 4/4 cha uyo. Bwerekani tepi kwa atelala muyeze zinthu zitatu, kutalika kuchokera pansi pokhota paja kufika pamlomo wa belu, kukula kwa belu modutsa pakati, ndi kunenepa kwake pamene pali mavavu, aja timadina ndi zala posintha mawu. Mabelu amayambira cha m'mainchi 14 mpaka 20, ndipo ogulitsa pa intaneti amakonda kulemba mainchi pamene ife kuno tinazolowera masentimita, ndiye kumbukirani inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Belu ya mainchi 19 ndi masentimita 48. Onaninso mavavu anu, kodi ndi mapisitoni oloza kumwamba, oloza kutsogolo, kapena ndi ozungulira aja okhala ndi timikono, chifukwa thupi lake limasiyana. Ndipo a sousaphone, tuba yozungulira thupi yokolekera paphewa ija, vidiyo ino si yanu, zanu ndi zina, belu yanu imachotsedwa.

Nambala 2, kolowetsera. Zikwama zilipo ziwiri, cholowetsera pamwamba ndi chotsegula m'mbali ndi zipi yaitali. Cha pamwamba mumayenera kuinyamula tuba m'mwamba nkuitsitsiramo, timapaipi tokoka tija nthawi zina timakola. Cha m'mbali mumangogoneka nkutseka, koma zipi ikakhala yopanda kansalu kotchinga m'kati imakanda utoto wowala uja, ndipo zipi ikafa chikwama chafa. Ine ndimakonda cha m'mbali. Mayina amene mukumane nawo pa intaneti ndi monga Gard, Protec, Altieri, Cronkhite, palibe amene wandilipira, ndangotchula. Tapita.

Nambala 3. Eya, khalani bwino tsopano.

Bodza lake ndi ili, akuti chikwama chikakhala ndi siponji yokhuthala ndiye kuti tuba yatetezeka, palibenso chifukwa cha bokosi lolimba. Ndimazimva kumaliro, ndimazimva kumisonkhano ya mpingo, munthu akusisita chikwama chake monyada amvekere taonani kufewa kwake achimwene, ngakhale itagwa singamve kanthu. Ena mpaka amadula matiresi akale, kupita nawo kwa atelala, kusoketsa ndi kapulana wokongola pamwamba, basi nkuikweza padenga la shapa, minibasi yathu ija. Abale anga, ayi. Ayi ndithu.

Mphwanga, tabwera nayo pafupi kamerayo, aone bwino. Iyi ndi siponji ya matiresi, yokhuthala kuposa chikhatho changa. Ndaigwira ndi zala ziwiri, ndikufinya. Mwaona? Zala zanga zakumana. Siponji yonse ija yapita kuti? Munali mpweya wokhawokha, wathawa. Ndiye tuba ya makilo 10 ikagwa pasimenti, siponji imeneyi imaphwatalala nthawi yomweyo ndipo chitsulo chimakagunda pansi ngati panalibe kanthu. Tsopano onani iyi, ndi yopyapyala, mwina theka la inayo, koma ndi yothinana ngati ya mapatapata. Ndikufinya ndi mphamvu zanga zonse, zala sizikukumana. Imeneyi ndi imene imalandira nkhonya m'malo mwa tuba yanu. Ndiye mukafika pogula musamafunse kuti ndi yokhuthala bwanji, finyani. Zala zikakumana bwezani chikwamacho, thokozani, tulukani.

Koma sindinathe, chifukwa bodzali lili ndi mwana wake. Wina anena kuti chabwino, ndagula cha siponji yothinana, ndiye ndapulumuka. Ayi bambo. Siponji, ngakhale yabwino chotani, ntchito yake ndi kugunda kwapang'ono, mwakhula pachitseko, mwagunda benchi ya m'tchalitchi, mwana wadutsa ndi mpando. Kupsinjidwa ndi katundu ndi nkhani ina. Taonani, ichi ndi chitini cha zakumwa chopanda kanthu, ndachikulunga m'siponji yabwino ija, ndikuikapo thumba la chimanga ili. Mwamva kulirako? Tsegula tione mphwanga. Eya, chapita. Inde ndikudziwa, wina alemba m'makomenti kuti tuba si chitini, chitsulo chake ndi chokhuthalako, zoona, koma nzeru yake ndi yomweyo, chinthu chabowo m'kati chikapsinjidwa chimalowa, ndipo siponji ilibe msana woti nkusenza katundu. Amasenza katundu ndi matabwa kapena pulasitiki yolimba ya bokosi.

Ndiye ganizirani ulendo wathu uja, mwakwera shapa ku Ulongwe mukupita ku Tete, kondakitala waiwona tuba yanu amvekere iyi ikwere pamwamba kapena kumbuyo. Iye sakudziwa kuti m'katimo muli chiyani, kwa iye ndi katundu wofewa woyenera kutsamiritsa zinthu zina. Pamwamba pake pabwera matumba a mbatatesi za ku Angónia, kenako chingwe, ndipo chingwecho amachikoka ndi phazi atapondera. Musanafike ndi pa Mussacama pomwe belu yakwinyika kale, paipi yolowera mpweya yapindika, ndipo choopsa kwambiri, kabokosi ka pisitoni kakangofinyika pang'ono pokha pisitoni siyendanso, mpata wake m'katimo ndi wochepetsetsa. Belu yokwinyika imalirabe. Pisitoni yokanirira ndiye kuti tuba yakhala chete. Ndipo wokonza malipenga simungamupeze pamsika ngati wokonza njinga, pamafunika zida zakezake, timipira tachitsulo tolowetsa m'paipi kukankha mopindikamo kuchokera m'kati. Chonde musaipereke kwa owotcherera mageti, ndapota nanu.

Ndiye chikwama chofewa ntchito yake nchiyani? Ubwino wake ndi umodzi, chimapepuka, ndiye tuba imakhala pathupi panu. Chimene chikuteteza tuba pamenepo ndi inuyo, maso anu ndi msana wanu. Tsiku limene ichoke m'manja mwanu kupita m'manja mwa munthu wina, kaya ndi kondakitala, kaya ndi anyamata okweza katundu mulole ya kwaya, imeneyo ndi ntchito ya bokosi lolimba. Mulibe bokosi? Ilipirireni mpando, ikhale pambali panu ngati munthu. Anthu aseka, asiyeni aseke, mtengo wa mpando umodzi ndi mtengo wokonzetsa belu sizifanana ndi pang'ono pomwe.

Ndipo a mabokosi musayambe kuseka anzanu. Bokosi limene tuba ikugwedera m'kati nalonso limapha, likagwa chamutu kulemera konse kwa tuba kumathamangira kubelu, kunja bokosi lili bwinobwino koma mukatsegula belu yapindika. Nchifukwa chake anthu otumiza matuba kutali amaika mpira wopopa pang'ono m'kati mwa belu, wotulukirako kunja pang'ono, kuti ikagunda mphamvu ipite m'khosi mwa belu molimbamo, mlomo wopyapyala uja usakhudze. Mpira wapulasitiki wa ana womwewu umagwira ntchito. M'mipata motsalamo tsekani ndi mabulangete mpaka mukagwedeza musamve kanthu kakuyenda. Zomwezonso ndi chikwama, musagule chachikulu dala kuti mudzaikemonso zovala, sitandi ya nyimbo ndi kamba wa paulendo. Sitandi yachitsulo m'chikwama chimodzi ndi tuba, aaa abale, mukufuna kundidwalitsa.

Ndapsa mtima mokwanira. Ngati mfundo imeneyi yakuthandizani itumizeni pagulu la WhatsApp la bandi yanu, makamaka kwa abambo osunga zida aja, ndipo amene simunapange subscribe pangani pompano, sabata yamawa tikamba za mafuta a mavavu ndi chifukwa chake mafuta ophikira sayenera kuyandikira pisitoni yanu. Inde alipo amachita zimenezo, tikudziwana.

Nambala 4, malamba. Apa ndi pamene zikwama zotchipa zimaperekera anthu. Lamba akaduka muli panjira tuba imagwa kuchokera pamsana, ndipo simungaigwire. Tembenuzani chikwama muone pamene lamba walumikizana ndi nsalu, pakhale posoka kangapo, mwa bokosi ndi mtanda pakati, osati mzere umodzi. Tizitsulo tokolekera tikhale tachitsulo chenicheni, tapulasitiki timauma ndi dzuwa nkuthyoka. Malamba akhale awiri oberekera kumsana, otambalala. Kenako berekani muone belu yafika pati, chifukwa zikwama zambiri zimaikweza kupitirira mutu wanu, inu mwalowa pakhomo bwinobwino koma belu yatsala pafelemu, phwaa. Zitseko za matchalitchi athu a kumudzi mukuzidziwa kufupika kwake. Zolowerani kuivula musanalowe. Ndipo pa njinga yamoto, mphepo imaikoka belu ija kumbuyo, muuzeni woyendetsa apite pang'onopang'ono ndipo asadutse pansi pa nthambi.

Nambala 5, kubelu kukhale chimbale cholimba, chathabwa lopyapyala kapena pulasitiki, chosokerera m'kati. Ngati palibe, kalipentala akudulireni. Basi.

Nambala 6, nyengo, ndipo apa Tete yathu ili pawiri. Kumtunda kuno ku Angónia ndi ku Tsangano vuto ndi mvula ndi chinyezi, kumunsi ku Tete ndi ku Moatize vuto ndi dzuwa lija lopitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuphatikizapo fumbi. Nsalu yolimba ija ya Cordura imakana mvula yowaza koma yamphamvu imalowa m'zipi ndi mosokamo, ndiye muziyenda ndi kalona kapena pulasitiki yaikulu. Siponji ya matiresi ija, ndabwereranso kwa iyo pepani, imamwa madzi nkuwasunga, pakapita masiku chikwama chikununkha chuku. Chachikopa ndi chokongola komanso chimakhalitsa, koma ndi cholemera, chodula, ndipo chikanyowa chimafuna chisamaliro. Musanatseke tuba tulutsani madzi onse m'mapaipi, mukafika kunyumba tsegulani zipi ipume. Kotentha uko musasiye chikwama chakuda padzuwa kapena m'galimoto yotseka, mafuta a mavavu amauma ndipo chitsulo chimatentha moti simungachiike pakamwa.

Nambala 7, kachitsulo ka pakamwa kaja kazikhala m'kathumba kakekake kunja, osati kusiya kali kobaya pa tuba, osatinso kuponya m'belu. Kamalemera kaja, kakamagubuduka m'kati kamasiya timaenje ponseponse.

Wina anafunsa pa vidiyo yapita ija kuti kodi kusoketsa kwa atelala nkolakwika. Ayi sikolakwika, kuitanitsa chikwama kunja kukafika kuno ndi mtengo wotumizira ndi msonkho mametikali ake ndi ambiri, tisanamizane. Telala wodziwa kusoka matenti kapena mipando ya galimoto akhoza kukupangirani chabwino. Koma mupite nayo tuba yeniyeniyo ayeze yekha, siponji mukagule nokha yothinana ija mutaifinya, m'kati aike nsalu yofewa yosakanda, zipi ikhale yaikulu ya mano akuluakulu, ndipo malamba azungulire chikwama chonse pansi, asangowasokerera pamwamba. Kapulana ikani kunja ngati mukufuna kukongola, ine ndilibe nazo vuto.

Lembani m'makomenti kukula kwa belu yanu ndi kutalika kwa tuba yanu m'masentimita, munenenso kuti mumayenda nayo bwanji, wapansi, pa njinga kapena pa shapa, ndikuyankhani mmodzimmodzi kuti chikwama chikukwanirani kapena mufunika bokosi. Amene mukufuna kuthandiza chanelo chino ndi mamega, za M-Pesa ndi e-Mola zili m'munsimu. Mphwanga zimitsa, ndipo chimanga chatayikacho utole amayi asanachione.