Ukavulala pa ntchito ku Joni, pepala ndilo limakuyankhulira

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban kapena kumudzi. Gawo la lero ndikujambulira kwathu kuno ku Nkhotakota, ndabwera kudzaona makolo. Mukamamva phokoso pa foni musadabwe, ndi mwera. Nyanja yalusa, asodzi akungosoka maukonde pamchenga.

Chifikireni, aliyense wogwirana nane chanza akumayamba wayang'ana dzanja langa, kenako funso ndi limodzi: "Achimwene, anakulipirani?" Zoti zinapweteka bwanji palibe akufunsa. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi pano, kuti nawonso amene ali ndi ana ndi amuna awo ku Joni amve.

Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yopanga makabati ndi zitseko kum'mawa kwa Johannesburg. Dzina lake tilisiye. Tsikulo tinkathamangitsa oda, ine ndili pa macheka a magetsi aja okhala pa tebulo, chotchingira chake atachichotsa kuti ntchito izifulumira. Thabwa linadumpha n'kubwerera, dzanja n'kupitirira. Ululu sunabwere pompo. Ndinangoona utuchi pansi ukufiira, mnzanga wa ku Mozambique akung'amba malaya ake kuti andimange. Chala chamkombaphala cha kumanja chinathera pomwepo.

M'galimoto popita kuchipatala, kapitawo anayamba kundilankhula mokoma ngati m'bale. Akuti ndikafika ndikanene kuti ndadzicheka kunyumba, bwana andipatsa kangachepe, ntchito yanga ikhalapo. Kenako anatsitsa mawu: "Ukatchula za kuntchito kubwera a boma, ndipo inu obwera mukudziwa zimene zimachitika." Mawu amenewa ndi omwe atseka pakamwa Amalawi ambiri. Kuchipatala tinapeza namwino wina wachikulire. Anayang'ana ovolosi yanga yodzaza utuchi, n'kuyang'ana jombo, n'kundifunsa kuti ndavulalira kuti, kapitawo ali chiimire pambali panga. Ndinati kuntchito. Mayiwo analemba zilembo zitatu pa fayilo, IOD, kusonyeza kuti munthuyu wavulala ali pa ntchito. Ndalama zonse zimene ndinadzalandira zinayambira pa zilembo zimenezo.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Ku South Africa kuli lamulo la 1993 lomwe amalitchula kuti COIDA. Lamuloli linakhazikitsa thumba la chipukuta misozi, Compensation Fund, lomwe lili pansi pa unduna wa zantchito. Amene amaponya ndalama m'thumbamo ndi olemba ntchito, chaka ndi chaka. Wantchito sadulidwa kalikonse, ndipo bwana amene akukudulani malipiro ponena kuti ndi za ngozi akuba. Ogwira ntchito zomanga ambiri nkhani zawo zimapita ku kampani ya inshuwalansi ya FEM, a m'migodi ndi a zitsulo ku ina yotchedwa Rand Mutual, koma lamulo ndi lomwelo. Silifunsa kuti walakwa ndani, iwe kapena makina. Komanso dziwani kuti chifukwa cha lamuloli simungakasumire bwana wanu ku khoti kuti akulipireni pa kuvulalako. Njira ndi ya thumbali basi. Ndiye amene akukuuzani kuti musiye za mafomu, mudzamuona bwanayo ku khoti, akukusocheretsani.

Bwana ayenera kukanena za ngozi pasanathe masiku 7, pa fomu yotchedwa W.Cl.2. Dokotala woyamba kukuona amalemba yake, W.Cl.4. Pamene ukuchira amalemba malipoti ena, W.Cl.5, mpaka lomaliza lonena kuti apa bala lapola ndipo chatayika ndi chakuti. Bwana wanga anazengereza. Sabata inatha, ina n'kudutsa, nambala ya nkhani yanga osaoneka. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ya ulonda ndiye anandiuza kuti wantchito nayenso ali ndi fomu yake, W.Cl.3, ndipo atha kupita yekha ku ofesi ya leba. Ndinapita, dzanja lili m'bandeji, nditanyamula pasipoti, mapepala a malipiro ndi kalata ya kuchipatala mu jumbo. Bwana atamva kuti nkhani yafika kumeneko, fomu yake inalembedwa msanga kwambiri.

Nthawi imene ine ndinavulala, malire okaperekera dandaulo anali miyezi 12. Koma musawerengere malire. Mboni zimasamuka, mafakitale amatsekedwa, kapitawo amasintha nambala ya foni.

Za ndalama. Ukakhala osagwira ntchito masiku atatu okha kapena kuchepera apo, amangolipira chipatala. Kupitirira apo umalandira 75 peresenti ya malipiro ako, ndipo miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana, iye n'kukaitanitsa ku thumba. Za kuchipatala amalipira mpaka zaka ziwiri. Ndiyeno pali ndandanda imene inandiziziritsa thupi nditaiona koyamba, chifukwa thupi la munthu analiika pa mtengo chiwalo ndi chiwalo. Chala chachikulu chonse ndi 25 peresenti. Chamkombaphala ngati changachi ndi 10. Kachala kakang'ono ndi 4. Dzanja lonse kudukira pa mfundo ndi 50. Ukalumala 30 peresenti kapena kuchepera, amakupatsa ndalama kamodzi n'kuthana nawe. Ukapitirira 30, ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi moyo wako wonse. Pa 30 yeniyeni amawerengera malipiro a miyezi 15, ndiye 10 yangayo inatuluka ngati malipiro a miyezi isanu.

Kodi ndi zokwanira? Ayi. Kwa kalaliki mwina chala chimodzi ndi 10 peresenti, koma kwa kalipentala amene amagwira pensulo, tepi ndi msomali ndi chala chimenecho, nkhani ndi ina. Ngakhale kondowole ndinachita kuphunziranso kutema. Komabe poyerekeza ndi kangachepe ka bwana kaja, kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo malata amene ali pa nyumba ya mayi anga panopa anachokera pamenepo.

Ndalamazo zinatenga nthawi, ndisaname. Zimafuna lipoti lomaliza la dokotala, zimafunanso akaunti ya ku banki ya dzina lako lenileni, yotsimikizidwa ndi banki. Apa ndi pamene abale athu ambiri amagwera. Ine dzina la pa pasipoti, la pa pepala la malipiro ndi la ku banki linali limodzi. Koma tikudziwana, ambiri akugwira ntchito pa chiphaso cha munthu wina. Mnyamata wina wa ku Dwangwa amene tinkachita naye lendi moyandikana anagwa pa makwerero n'kuthyoka msana. Kuntchito ankadziwika ndi dzina la msuweni wake. Pa mapepala, wovulala anali msuweniyo, amene anali bwinobwino akuyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya ku Pretoria. Mnyamatayo tinamusonkhera ya basi, anadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza atagona pa mipando iwiri. Sindikuweruza munthu, ndikudziwa chimene chimatipititsa kumeneko. Koma ngati pali chinthu chimodzi choti mukonze chaka chino, konzani kuti kuntchito akudziweni ndi dzina lanu. Lamulo lija limanena za wantchito, silinena kuti nzika yokha. Chovuta ndi kutsimikiza kuti wantchitoyo ndiwe.

Ndiye sungani chilichonse. Pepala la malipiro, uthenga wa pa WhatsApp umene kapitawo anakuitanirani ku ntchito, chithunzi muli mu yunifolomu, nambala za anzanu amene anaona ngoziyo. Muzijambula n'kutumiza kwa mkazi wanu kapena mchemwali wanu kumudzi, chifukwa foni ku Joni imabedwa. Ndipo bwana akakuchotsani ntchito chifukwa mwadandaula, imeneyo ndi nkhani ina yapayokha, ya ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, ndipo kumeneko masiku okadandaula ndi 30 okha.

Achemwali athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, inunso muli momo. Kale lamuloli linkakusiyani kunja. Zinasintha mu November 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mlandu wa a Sylvia Mahlangu. Mayi awo, a Maria Mahlangu, anamira mu dziwe losambiramo la abwana awo ku Pretoria mu 2012, ndipo banja linauzidwa kuti palibe chipukuta misozi chifukwa anali wantchito wa m'nyumba. Mwana wawoyo sanagonje. Lero ukaterereka pokolopa, ukagwa potsuka mawindo, ukalumidwa ndi galu wa bwana, uli ndi poyambira.

Dzulo madzulo ndinkacheza ndi amalume pakhonde. Iwo anapita ku migodi ya golide pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodi, n'kubwerera Kamuzu ataletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri ochokera ku migodi. Anagwira dzanja langa, kuliyang'ana, n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe bola chako chikuoneka. Chathu chili m'chifuwa." Amakhosomola usiku wonse. Ndinawafotokozera za Tshiamiso Trust, yomwe inabwera pambuyo pa mgwirizano wa R5 biliyoni umene khoti linavomereza mu 2019, wolipira anthu amene anadwala TB kapena matenda a fumbi la miyala m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Amalawi ali momo, ndipo ngati mwiniwake anamwalira, a m'banja lake atha kufunsa. Sikuti aliyense amalandira, amayamba ayeza ndi kufufuza mgodi umene munagwirako. Amalume analowa m'nyumba n'kutulutsa kachikwama kachitsulo, m'kati muli khadi lawo la ku mgodi, lachita dzimbiri m'mbali koma nambala ikuwerengeka. Ngati kwanu kuli agogo otere, ku Linga, ku Benga, ku Mwansambo, funani khadi limenelo. Kulembetsa n'kwaulere. Wina akabwera m'mudzi ndi chikwama n'kumati perekani ya fomu, m'bwezeni.

Kunonso kwathu lamulo lilipo, Workers' Compensation Act ya 2000. Wodula nzimbe, womanga, wogwira pa chigayo, akavulala apite ku ofesi ya leba pa boma. Zimenezo tidzazikamba padera.

Ndimalize ndi inu amayi amene amuna anu ali ku Joni, ngakhale ndi nkhani yosakoma kuimva. Munthu akamwalira pa ngozi ya kuntchito, thumba lija limathandiza pa maliro, ndipo mkazi ndi ana osakwana zaka 18 amayenera kulandira penshoni. Koma adzafuna umboni woti ndinu mkazi wake ndiponso kuti anawo ndi ake. Ambirife ukwati wathu ndi wa ankhoswe, pepala palibe. Kalata ya ukwati ya kutchalitchi, ya kumzikiti kapena ya kwa DC, ziphaso za kubadwa za ana, chiphaso chanu cha unzika, zikonzeni bambo akadali moyo. Mufunsenso dzina la kampani imene akugwirako ndi dera lake, mulembe penapake, chifukwa "ali ku Joni" si adiresi.

Amene muli ndi mafunso tumizani mauthenga a mawu monga mwa nthawi zonse, ndiziyankha ndikabwerera. Gawo likubwerali tikamba za lendi ndi eni nyumba. Tsalani bwino.