Ng'amba ya Januwale: kusunga madzi a mvula m'munda wa chimanga

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo. Ndiyambire pa zimene aliyense pabwalo lino waziona ndi maso. Mvula yodzalira, imene makolo athu ankailandira mu Novembala, zaka zambiri tsopano ikufika Disembala ali mkati. Ikabwera imakhuthuka masiku ochepa, madzi n'kuthamangira kumtsinje atasenza dothi lathu, kenako dzuwa likuswa mtengo masabata atatu kapena anayi. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inaumitsa chimanga mpaka boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anali atakokolola minda ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje. Kusintha kwa nyengo kumene mumamva pawailesi n'kumeneku.

Tsono mvetsetsani apa. Chimanga chaching'ono chimapirira dzuwa. Chimapinda masamba masana, mvula ikagwa chimadzuka. Nthawi imene sichikhululuka ndi pomasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Ulusi uliwonse wa ndevu ndi njere imodzi, ndipo ulusiwo uyenera kulandira mungu wochokera ku ngayaye. Pakauma, ngayaye zimatuluka pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa. Mungu umathothoka pafupifupi sabata imodzi basi, ndiye ndevu zikamatuluka zimapeza watha. N'chifukwa chake mumasenda chimanga chooneka chachikulu n'kupeza chitsononkho chili ndi njere apa ndi apo ngati mano ogweluka. Ntchito yathu yonse ndi yakuti pa masabata awiri a ngayaye ndi ndevu amenewo mizu ipeze chinyontho.

Tiyambe ndi mizere. Pamunda wotsetsereka, mzere wolunjika kumunsi ndi ngalande yotayira madzi ndi feteleza. Yezani akalozera, mizere yotsogolera yopingasa kutsetsereka kwa munda, ndi A-felemu (choyezera cha nsungwi zitatu, chingwe ndi mwala) kapena levulo ya chingwe, mizere yonse itsate akalozerawo, motalikirana masentimita 75. Pa kalozera dzalani udzu wa vetiva, phata ndi phata masentimita 10 mpaka 15, kuti akakula atsekane. Vetiva wodzala patalipatali amasiya mipata, madzi onse amathamangira pamenepo n'kuyambitsa chigwembe.

Mukatero ikani ngonyeka, timizere totseka khwawa, pa mamita awiri kapena atatu aliwonse. Apa ambiri amalakwitsa: ngonyeka ikhale yofupikirapo kuposa mzere. Ikalingana ndi mzere, mvula yamphamvu imadzaza khwawa, madzi amadumpha mzere n'kuugumula, wotsatira nawonso, mpaka kumunsi. Ikakhala yofupika, madzi otsala amadutsa pamwamba pake pang'onopang'ono. Kudothi la makande, mvula ikanyanya masiku angapo, tsegulani ngonyeka zina, chifukwa chimanga chikaima m'madzi chimachita chikasu, mizu imasowa mpweya.

Chinanso chimene sichioneka ndi maso: munda umene taunga mizere ndi khasu zaka zambiri umakhala ndi dothi louma gwa pansi pa makwawa, pomwe khasu limalekezera. Zulani phesi muone. Ngati mizu yapindikira m'mbali, vuto lilipo. Mankhwala ake ndi maenje. Kumbani m'chilimwe, akuya masentimita 20 kapena kuposerapo mpaka mutaboola polimbapo, thirani manyowa owolerana manja awiri odzaza, bwezerani dothi lapamwamba koma dzenje lisadzaze, patsale kambale kotunga madzi. Ndi ntchito yowawa, choncho yambani ndi kagawo kamodzi. Maenjewo mudzadzalamonso chaka chamawa.

Mapesi musatenthe, amayi ndi abambo, ngakhale anyamata afune mbewa. Agonekeni pansi aphimbe nthaka. Ikani dzanja pansi pa mapesi masana a ng'amba, kenako pa dothi lambee, mudzamva nokha kusiyana kwake. Ena amaopa chiswe. Chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo m'malo mwa chimanga chobiriwira. A Mfumu, apa tikupempha lamulo la mudzi pa moto ndi ziweto zolekerera, chifukwa munthu mmodzi sangateteze mapesi yekha.

Za kudzala. Chizimalupsa si mvula yodzalira. Kumbani ndi khasu. Ngati chinyontho sichinalowe kutalika kwa chikhatho, dikirani. Mbewu yomera pa chinyontho chapamwamba imapsa isanazike mizu, ndipo mumagulanso ina. Musaike munda wonse pa mtundu umodzi. Mbewu yocha msanga monga Kanyani imamasula patatha masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, pamene yochedwa monga Njobvu imatenga nthawi yotalikirapo. Mukagawa munda, ng'amba siingapeze zonse zili pa ndevu. Dzalani njere imodzi pa phando, masentimita 25. Nthambi yoona zanyengo imalengeza ulosi wa dzinja mvula isanayambe, boma ndi boma. Funsani alangizi musanagule mbewu.

Yureya musathire pa dothi louma. Amasanduka mpweya n'kuuluka, ndalama zapita. Dikirani chinyontho, boolani kadzenje masentimita 10 kuchokera pa phesi, thirani n'kukwirira. Nthawi ya ng'amba yomweyo ndi pamene ntchemberezandonda zimalusa, choncho yenderani munda kawiri pa sabata, muyang'ane m'nsonga ndi pansi pa masamba, muphwanye mazira. Mbozi ikakula n'kubisala mkati mwa nsonga, mankhwala saifikira bwino.

Gawo lina la munda lipite ku mbewu zopirira. Nandolo ali ndi muzu wautali woboola dothi lolimba lija, masamba ake n'kusanduka manyowa. Khobwe, mapira, chinangwa, ndi mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere zimapereka chakudya chaka chimene chimanga chakana. Kholowa musayambe kumufuna ng'amba itagwa, pamenepo aliyense akumusaka ndipo mtengo wakwera. Sungani kabedi kake kudimba kuyambira m'chilimwe, kuti mvula ikabwerera mu Febuluwale mudzale tsiku lomwelo.

Loweruka mmawa tikumane kumunda wachitsanzo. Bwerani ndi makasu, nsungwi zitatu, chingwe ndi mwala, tikapange A-felemu n'kuyeza kalozera woyamba pamodzi.