Makalata a Omvera: Nyama Yofiira ya ku Sandton

Takulandiraninso omvera, tatsegula thumba la makalata. Yoyamba yachokera kwa chemwali wathu wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti:

"Zikomo aulutsi. Abwana athu anatitengera kukadya kumalo odula owotcha nyama ya ng'ombe ku Sandton, pafupi ndi Nelson Mandela Square. Woperekera zakudya atandifunsa kapsedwe ka nyama yanga, ndinangotsatira abwana kuti medium rare. Nditaidula, mkati munali mofiira, magazi ali chuchuchu m'mbale. Mtima unanyansidwa, ndinangodya tchipisi. Kodi anthuwa sadwala nayo nyama yosapsayi?"

Pepani chemwali, munagona ndi njala pamalo a nyama. Koma zofiira zija si magazi ayi. Magazi amatuluka pozinga ng'ombe. Zimene munaona ndi madzi a m'nyama osakanikirana ndi myoglobin, chinthu chimene chimasunga mpweya m'minofu ndipo ndicho chimapangitsa nyama ya ng'ombe kufiira kuposa ya nkhuku.

Za matendazi mvetserani bwino. Pa nthuli yathunthu, tizilombo toyambitsa matenda timakhala kunja, pamene pagwira mpeni ndi manja. Moto waukali wa pachitsulo chowotchera umatipha m'mphindi zoyamba zomwe. N'chifukwa chake mkati amausiya pa madigiri pafupifupi 55, pamene well done, ndiye kuti yopsa mpaka mkati, imapitirira 70. Nyama yogayidwa ndi nkhani ina, chifukwa zakunja zalowa kale mkati, iyenera kupsa yonse. Nkhuku nayonso ipse mpaka pafupa. Ndipo musakayese zimenezi kumudzi ndi ng'ombe yophedwa pansi pa mtengo tsiku la msika, osaonedwa ndi alangizi a ziweto. Nyama yotere imatha kukhala ndi timatuza ta njoka zam'mimba, ipseretu pachiwaya.

Chandiwawa ine n'chakuti munakhala chete. Mukanangoitana woperekera uja kuti aibwezere pamoto, akanatero mosanyinyirika, imeneyo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ulendo wina nenani kuti medium well (yongofiirira pang'ono mkati) kapena well done mutu uli m'mwamba. Ophika ena amati nyama yopsetsa imauma, n'zoona imaumako, koma pakamwa ndi panu.

Kalata yachiwiri ndi ya achimwene a ku Nkhotakota, nawo ali ku Joni komweko:

"Ndikufuna kukasangalatsa mayi a kunyumba pa tsiku lokumbukira ukwati wathu. Ndaona mitengo ya malo amenewa, kanthuli kamodzi mtengo wake ndi wa ndiwo za sabata yonse. Kodi si kuba kumeneku? Nanga ndikaitanitse chiyani kuti ndisakachite manyazi?"

Achimwene, mwaganiza bwino, ndipo si kuba konse ayi, ngakhale mbali ina ya ndalamazo mukulipira lendi ya ku Sandton ndi nsalu yoyera ya patebulo. Nyama yokwera mtengo kwambiri, fillet, imachokera mkati mwa msana, mnofu umene sugwira ntchito yolemetsa, n'chifukwa chake ndi yofewa ngati chiwindi. Ng'ombe yonse ija imangotulutsa timizere tiwiri tokha. Kuwonjezera apo, malo amenewa sagulitsa nyama yophedwa dzulo. Amaisunga m'chipinda chozizira kwa masiku 21 mpaka 28, ena kupitirira, kuti ifewe ndi kukoma. Ikapachikidwa poyera imataya madzi, kunja kumauma n'kuda, ndipo amakusenga n'kutaya. Zotayikazo zimalowa mu bilu yanu.

Langizo langa ndi ili: itanitsani rump, ya kuthako. Ndi yotsikirapo mtengo koma ili ndi kakomedwe kenikeni ka ng'ombe. Ngati mayi amakonda yonona, atengereni rib-eye, ya kunthiti, imene mafuta ake amayenda mkati mwa mnofu. Mukaona 200g kapena 300g pa menyu, kumeneko ndi kulemera kwa nyama isanaotchedwe, ikafika m'mbale imakhala itanyalako. Funsani ngati tchipisi, masamba ndi msuzi zili mumtengo womwewo, chifukwa malo ena amalipiritsa chilichonse pachokha. Ambiri ku South Africa amakhalanso ndi nsima yawo ija, pap. Woperekera akatchula Wagyu, mtundu wa ng'ombe zochokera ku Japan, funsani mtengo musanavomere.

Musaiwale ya woperekera. Mwambo wa kumeneko ndi kuwonjezera 10 peresenti ya bilu kapena kuposerapo, pokhapokha ngati aiphatikiza kale. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana amenewa ndi ochokera ku Zimbabwe ndi kwathu ku Malawi, ndipo ndalama imeneyi ndiyo imafika kwa makolo awo. Iwerengereni musanachoke pakhomo.

Kauthenga komaliza kachokera kwa bambo athu a ku Mangochi, akufunsa ngati Msilamu angadye kumalo otere. Bambo, imbani foni musanapite, mufunse ngati ali ndi chiphaso cha halaal cha bungwe ngati SANHA, loona za halaal ku South Africa. Mawu apakamwa akuti nyama yathu ndi ya halaal sakwanira, chifukwa malo ena amawotcha nthiti za nkhumba pachitsulo chomwecho ndipo misuzi ina amathiramo vinyo.