Mapointi a sprint ndi tulo ta olemba mapulogalamu

Taganizirani bolodi la Jira, pulogalamu imene magulu olemba mapulogalamu amandandalikamo ntchito zawo pa makadi. Khadi lililonse ndi ntchito, ndipo lili ndi mapointi ake oyerekeza kukula kwa ntchitoyo: 2, 3, 5, 8. Magulu ambiri otsatira Scrum, njira ina yoyendetsera ntchito yopanga mapulogalamu, amagwira ntchito m'zigawo za masabata awiriawiri zotchedwa sprint, ndipo mapointi amene amaliza pa chigawo chimodzi ndiwo velocity. Nambalayi inapangidwa kuti gulu lidziwe katundu amene lingasenze. Zinthu zimasokonekera bwana akayamba kuyezera khama la anthu ndi nambala yomweyo.

Tiyerekeze kuti gulu limamaliza mapointi 30. Tsiku lopereka pulogalamu kwa kasitomala layandikira, anthu achezera usiku, Loweruka lomwe agwira, afika 42. Maola ausiku aja salembedwa paliponse, chotsala pa tchati ndi 42 basi. Sprint yotsatira aikonzera pa 42, ndipo kubwerera pa 30 kwayamba kuoneka ngati ulesi.

Ndiye pali ntchito zopanda mapointi: kuwerenga khodi (malangizo olembera kompyuta) ya mnzako isanalowe mu pulogalamu, kuphunzitsa wobwera kumene, kudzuka 2 koloko usiku seva (kompyuta imene pulogalamu imayendapo) ikagwa. Masana amathera pa zowerengedwa, zinazi zimakankhidwira madzulo. Munthu watulo m'maso amalakwitsa khodi, kukonza kwake n'kudyanso sprint yotsatira.

Kuyeza ntchito ndi kuchuluka kwa mizere ya khodi n'koipa kuposa pamenepo. Mu 1982 ku kampani ya Apple, wolemba mapulogalamu wina dzina lake Bill Atkinson atafupikitsa pulogalamu n'kuifulumizitsa, pa fomu yofunsa mizere yomwe walemba sabata imeneyo anaikapo -2000. Ntchito yabwino chotere muyeso unkaiona ngati kubwerera m'mbuyo.

Thupi ndilo limalipira. Lipoti la 2021 la mabungwe a United Nations oona za umoyo (WHO) ndi za ntchito (ILO) linapeza kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40.

Ngati mumatsogolera gulu, yambani ndi izi. Tsegulani mbiri ya Git, pulogalamu yosunga zosintha za khodi, muone nthawi za ma commit, omwe ndi zosintha zosungidwazo. Akachuluka kupitirira 8 koloko usiku kapena Lamlungu, velocity ya sprint imeneyo musaiwerengere pokonza yotsatira. Kuwerenga khodi ndi kulondera seva muzipatse makadi awoawo. Ndipo musayerekeze velocity ya magulu awiri, chifukwa ntchito imene gulu ili laipatsa 5, linalo likhoza kuipatsa 8.