Zofunika polowa digiri yachiwiri ya physiotherapy: makomo awiri amene ambiri amawasokoneza

Moni nonse owonera, kaya muli muno mu Lusaka, ku Chipata kapena kutsidya kwa malire. Lero tikukambirana zimene mayunivesite amafuna kwa munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba ndipo akufuna digiri yapamwamba ya physiotherapy, ntchito imene ambiri timangoitchula kuti ya mafizo. Ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi musanalipire ndalama ya fomu iliyonse: pansi pa dzina limodzi lomweli pali makomo awiri osiyana, ndipo zofunika pakhomo lina sizikugwira ntchito pakhomo linzake.

Khomo loyamba ndi la munthu amene ndi physiotherapist kale. Muno mu Zambia ambiri amafika pantchitoyi kudzera pa dipuloma ya ku Evelyn Hone College, kapena pa digiri ya ku University of Zambia, imene imaphunzitsidwa ku Ridgeway pafupi ndi chipatala cha UTH, kapenanso ku Lusaka Apex Medical University. Digiri ya masters ya mtundu umenewu siphunzitsa munthu kugwira bondo la wodwala kwa nthawi yoyamba, koma imamuzamitsa pambali imodzi ya ntchitoyi, monga ya mafupa ndi mfundo, ya mitsempha ndi ubongo, kapena ya ana. N'chifukwa chake chofunika choyamba ndi digiri yoyamba ya physiotherapy yeniyeniyo, osati ya sayansi ina yofanana nayo. Amene muli ndi dipuloma, ngakhale mutakhala kuti mwagwira ntchito zaka zambiri ndipo ophunzira a digiri amaphunzira m'manja mwanu m'mawodi, muyenera kuyamba mwakweza dipulomayo kukhala digiri. Ndikudziwa kuti zimenezi zimawawa kwa akuluakulu athu ena, koma njira yake ndi imeneyo. Komiti yosankha ophunzira imayang'ananso mmene munakhozera, ndipo amene anapata distinction, merit kapena credit amakhala pabwino kuposa amene anangopata pass.

Chachiwiri ndi kaundula. Bungwe la Health Professions Council of Zambia, kapena kuti HPCZ, ndi limene limalembetsa ogwira ntchito ya mafizo ndi kupereka chiphaso chogwirira ntchito chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Popeza maphunziro a masters nthawi zambiri amafuna kuti mugwire odwala, chiphaso chimene chinatha mphamvu chikhoza kuimitsa pempho lanu ngakhale zina zonse zili bwino. Pamwamba pa izi pamafunika makalata a anthu okuchitirani umboni, ndipo ndi bwino kuti wina akhale mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu wa chaka chomaliza, winayo akhale mkulu wanu wa kuntchito amene anakuonani mukuthandiza odwala.

Tsopano ndikhalitse pang'ono pa chinthu chimene ndikuona kuti chimagwetsa anthu anzeru ndi aluso, chimene ndi ndondomeko ya kafukufuku amene mukufuna kudzachita. Mayunivesite ambiri amapempha masamba ochepa ofotokoza funso lanu, makamaka ngati digiriyo ndi ya kafukufuku yekhayekha. Ambiri amalemba mutu waukulu ngati wakuti "vuto la sitiroko mu Zambia", ndipo wowerenga sapezapo pogwira. Ganizirani m'malo mwake za bambo amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, amene munawaimiritsa pakati pa zitsulo ziwiri zophunzirira kuyenda, mwendo wawo ukukwekwereza pansi, mkazi wawo atagwira chitenje chimene anawamanga nacho m'chiuno kuti asagwe. Anabwera milungu ingapo, anayamba kuponda bwino, kenako sanaonekenso. Kodi chinawaletsa n'chiyani? Kodi ndi ndalama ya basi kuchokera ku Kanyama kapena ku Chawama, kodi ndi kusowa wowaperekeza, kapena palibe amene anawafotokozera kuti kuchira kwa sitiroko kumatenga miyezi? Funso limeneli ndi laling'ono, lili ndi malo ake, lili ndi anthu amene mungathe kuwafunsa, ndipo lingathe kuyankhidwa m'nthawi ya maphunziro anu. Limasonyezanso komiti kuti munagwiradi ntchito maso ali otseguka. Musonyezenso kuti mukudziwa zakuti kafukufuku wokhudza odwala sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa, monga UNZABREC, komanso cha National Health Research Authority.

Za mapepala odutsa malire ndinena mwachidule. Ngati digiri yanu ndi yakunja, mwachitsanzo ya ku Kamuzu University of Health Sciences ku Malawi, ndipo mukufuna kuphunzira muno, iyenera kuunikidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Ngati mukupita ku South Africa, kumene mayunivesite monga Cape Town, Stellenbosch, Wits ndi Western Cape amapereka masters ya physiotherapy, bungwe lounika mapepala anu ndi SAQA, ndipo lolembetsa amene adzagwire odwala ndi HPCSA.

Khomo lachiwiri ndi la munthu amene ali ndi digiri ya phunziro lina, monga biology kapena sayansi ya masewera, ndipo akufuna kuyamba kumene ntchito ya mafizo. Zambiri zimene mumaziona pa intaneti zimanena za khomo limeneli, chifukwa ndi mmene zimakhalira ku United States. Kumeneko munthu amayamba watsiriza digiri yoyamba ya phunziro lililonse, kenako amalowa digiri ya Doctor of Physical Therapy, kapena kuti DPT, imene nthawi zambiri imatenga zaka 3, ndipo akamaliza amalemba mayeso a dziko lonse otchedwa NPTE kuti apatsidwe chiphaso. Masukulu ambiri amalandira mapempho kudzera pa njira imodzi ya pa intaneti yotchedwa PTCAS.

Pakhomo limeneli dzina la digiri yanu silikhala nkhani yaikulu, koma mizere ya pa transcript yanu, chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munachita ndi magiredi ake. Komiti imatsika mzere ndi mzere kufunafuna anatomy, physiology, biology, chemistry, physics, psychology ndi statistics, ndipo pa maphunziro a sayansi imafuna kuona kuti panali ntchito ya mu labu. Munthu amene anakhoza bwino kwambiri koma sanaphunzirepo physics payunivesite amabwezedwa mpaka ataiphunzira. Masukulu ambiri amaika malire a GPA, imene ndi avareji ya magiredi anu, pa 3.0 mwa 4.0, ngakhale kuti amene amasankhidwa kawirikawiri amakhala pamwamba pa malirewo, ndipo magiredi athu amayamba asinthidwa ndi mabungwe ounika mapepala monga WES kuti agwirizane ndi kawerengedwe kawo. Masukulu ena amafuna mayeso olowera maphunziro a digiri yachiwiri otchedwa GRE, ena anasiya kuwafuna. Ambiri amafunanso maola amene munakhala mukuonerera physiotherapist ali pantchito, ndipo maolawo amatsimikizidwa ndi iye mwini. Choncho ngati mwaloledwa kuonerera pachipatala china, sungani kabuku kolembamo tsiku, maola ndi mtundu wa odwala, osalembamo mayina awo, ndipo musayinitse musanachokepo.

Ku United Kingdom kuli njira yofanana nayo, imene ndi masters (MSc) ya zaka 2 yotchedwa pre-registration, ya anthu amene sanalembetsedwebe pantchitoyi. Kawirikawiri imafuna digiri ya mlingo wa 2:1, umene ndi wachiwiri kuchokera pamwamba m'kawerengedwe kawo, m'phunziro loyandikana ndi zaumoyo, ndipo womaliza amatha kupempha kulembetsedwa ndi bungwe la HCPC, limene limalembetsa ogwira ntchito ya mafizo kumeneko. Mlingo wa Chingerezi umene bungweli limafuna ndi 7.0 pa mayeso a IELTS, popanda gawo lotsika kuposa 6.5. Samalani pano, chifukwa mayunivesite omwewo amakhalanso ndi MSc ya chaka chimodzi ya anthu amene ali kale pantchito, ndipo mayina a mapulogalamu awiriwa amafanana kwambiri pa tsamba lawo.

Maganizo anga ndi akuti physiotherapist wa muno amene ali ndi digiri asathamangire DPT ya oyamba kumene chifukwa chokopeka ndi dzina la udokotala, poti adzalipira ndalama zochuluka kubwereza zimene anaphunzira kale ku Ridgeway. Nayenso amene ali ndi digiri ya biology ndipo cholinga chake ndi kudzathandiza odwala kwathu kuno, ayerekeze mofatsa mtengo wa ulendo wakunja ndi mtengo wochita digiri yoyamba ya physiotherapy muno mu Lusaka. Safunsa anadya phula: musanavomere malo kusukulu iliyonse yakunja, funsani a HPCZ ngati digiriyo adzailandire mukadzabwerera.

Khomo limene mwasankha limakhudzanso thandizo la ndalama. Chevening, imene ndi sikolashipu ya boma la United Kingdom, imalipirira masters ya chaka chimodzi ku United Kingdom ndipo imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2, kutanthauza kuti pre-registration ya zaka 2 ija silowamo. Beit Trust imathandiza nzika za Zambia, Malawi ndi Zimbabwe pa maphunziro a digiri yachiwiri. Mabungwe oterewa amatseka kulandira mapempho miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe, pamene transcript, kuunika kwa mapepala ndi zotsatira za IELTS zonse zimatenga nthawi yake. Zotsatira za IELTS zimavomerezedwa kwa zaka 2 zokha, choncho yambani ndi kupempha transcript ndi kuunikitsa mapepala anu, ndipo mayeso a Chingerezi mulembe mutadziwa kale tsiku limene sukulu yanu idzatseke kulandira mafomu.